Lipoti la nkhani: mayi wa zaka 29 amene anazunzidwa ali mwana, ndi zimene zinasintha pa miyezi 14 ya uphungu ku Mzuzu

Lipotili talembera anzathu amene amakumana ndi anthu akuluakulu omwe anachitidwa nkhanza ali ana: alangizi, anamwino, ogwira ntchito zachisamaliro cha anthu, ngakhalenso azibusa ndi mashehe, poti ambiri amayamba kugogoda kumeneko. Mwini nkhaniyi analola kuti ilembedwe. Dzina lawo, dera limene amakhala ndi zina zomwe zingawaulule tazisintha, ndipo muno tiziwatchula kuti Mayi T.

Chimene anabwerera

Mayi T. ali pabanja ndipo ali ndi ana awiri, wamkazi amene panopa ali ndi zaka 10 ndi wamwamuna wa zaka 4. Amagulitsa tomato, anyezi ndi kabichi pa kamsika kena mumzinda muno. Anatumizidwa kwa ife ndi namwino atapita kuchipatala kasanu pa miyezi itatu akudandaula mutu, mtima kuthamanga ndi kubanika pachifuwa usiku. Malungo sanapezeke, BP inali bwino, magazi anali okwanira, ndipo ulendo uliwonse ankabwerera ndi panado. Pa ulendo wachisanu namwino anangofunsa kuti, "Amayi, kodi usiku mumagona?" Mayi T. anayamba kulira.

Kwa ife mawu awo oyamba anali akuti, "Ndimaganiza kwambiri, n'chifukwa chake mutu sukupola." Mawu oti kuganiza kwambiri musamawadumphe. Ndiwo khomo limene anthu athu ambiri amalowera pofuna kunena za nkhawa, kukhumudwa kapena mantha akale, ndipo mukafunsa modekha kuti "mumaganiza chiyani makamaka?" nkhani imayamba kutuluka yokha. Chimene chinawaopsa kwenikweni sichinali mutu. Sabata ziwiri m'mbuyomo anamenya mwana wawo wamkazi ndi mthiko mpaka mkono kutupa, chifukwa anachedwa pang'ono kuchokera kuokala. Iwo anati, "Dzanja linali langa, koma ukali unali wa amayi aang'ono."

Mbiri

Mbiriyi inatuluka pang'onopang'ono, ndipo zina tinazimva patapita miyezi. Mayi T. anabadwira m'mudzi wina ku Dedza. Bambo awo anali atachoka kale pachikamwini, ndipo mayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka 8. Mng'ono wa malemuwo anawatenga kubwera nawo ku Mzuzu, abale akuuzidwa kuti mwana akaphunzira bwino kutauni. Chimene anapeza n'kudzuka 4 koloko m'mawa, kutunga madzi, kutsuka mbale, kubereka ana a eni nyumba, kenako kuthamangira kusukulu mochedwa. Akalakwa ankakwapulidwa ndi lamba kapena payipi, kumanidwa nsima, mwinanso kugonekedwa pakhonde. Amene akudziwa chisanu cha Mzuzu cha mu June adziwa chimene zimenezi zikutanthauza kwa mwana wopanda bulangete.

Kuyambira zaka 11 mpaka 14, mwamuna wa amayi aang'onowo ankawagwiririra, makamaka masiku amene mkazi wake ankapita kukaoda usipa ku Nkhata Bay. Ali ndi zaka 13 anaulula. Anamenyedwa, anatchedwa wabodza wofuna kupasula banja, ndipo anauzidwa kuti bongololo sadzolera mafuta pagulu. Sukulu anasiyira Sitandade 7, anakalowa ntchito ya m'nyumba ali ndi zaka 14, ndipo anakwatiwa ali ndi zaka 18. Kwa zaka 16 sanauzenso munthu, ngakhale amuna awo.

Funso loti "bwanji pano?" lili ndi yankho looneka: mwana wawo wamkazi akuyandikira zaka 11. Timaziona kawirikawiri kuti kholo limene lakhala likupirira mwakachetechete limagwa mwana akafika msinkhu umene nkhanza zinayambira. Ndipo nkhani ngati iyi si yachilendo. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana ndi atsikana m'Malawi anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse, anachitidwapo nkhanza zogonana asanakwane zaka 18, ndipo amene analandira thandizo la akatswiri anali ochepa zedi. Ana amenewo lero ndi akuluakulu, ndipo ndi omwe akuima pamzere kuchipatala akudandaula mutu.

Kuyeza

Tinagwiritsa ntchito mafunso otchedwa PHQ-9 poyeza kukhumudwa ndi ena otchedwa PCL-5 poyeza zizindikiro zotsatira zoopsa, zonse powawerengera pakamwa chifukwa kuwerenga kumawavuta. PHQ-9 inapereka 17 mwa 27, PCL-5 inapereka 52 mwa 80. Pa funso la nambala 9 la PHQ-9 anavomera kuti masiku ena amaganiza kuti bola kungofa. Tinafunsa mosazungulira ngati anakonzapo njira kapena tsiku, anati ayi, koma m'nyumba munali tameki wophera makoswe. Tinagwirizana kuti achotsedwe tsiku lomwelo ndipo sabata yotsatira tinafunsanso. Kufunsa munthu za kudzipha sikumuika maganizowo m'mutu. Kusafunsa ndiko kumamusiya yekha.

Tsiku loyamba lomwelo tinafotokozanso malire a chinsinsi: zonse zimatsala m'chipinda, kupatula ngati moyo wawo uli pachiopsezo kapena ngati pali mwana amene akuzunzidwa panopa. Mfundo imeneyi inadzagwira ntchito mwezi wa 9, ndipo ikanakhala kuti sitinainene pachiyambi, bwenzi ataona ngati tawapereka.

Kukhazikitsa mtima kaye

Tinatsata ndondomeko ya magawo atatu imene dokotala wa za matenda a maganizo Judith Herman anafotokoza mu 1992: chitetezo choyamba, kenako kukumbukira ndi kulira, pomaliza kubwerera pakati pa anthu. Tinkakumana Lachiwiri masana, ola limodzi, msika utazizira. Mpando wawo tinauika pafupi ndi chitseko, chitsekocho chosakhoma, ndipo mlangizi sankakhala pakati pa iwo ndi khomo.

Choyamba chinali kupuma: kukoka mpweya powerenga mpaka 4, kuutulutsa pang'onopang'ono powerenga mpaka 6, maulendo 10, katatu patsiku. Aziyeserera mtima uli m'malo, osadikira kuti mantha abwere, chifukwa luso losazolowera silibwera pa nthawi ya mantha. Zolakwika ziwiri zimachitika apa. Munthu akamakoka mpweya wambiri mofulumira amachita chizungulire ndipo amaganiza kuti matenda akula. Chofunika ndi kutalikitsa kutulutsa, osati kudzaza chifuwa. Chachiwiri, alangizi ambiri amakonda kunena kuti "tsinzinani". Kwa munthu amene anagwiriridwa mumdima, kutsinzina kumaitana zithunzi. Mayi T. ankapuma maso ali otsegula, akuyang'ana pansi.

Njira ija yotchula zinthu 5 zimene ukuona, 4 zimene ukukhudza, 3 zimene ukumva, 2 zimene zikununkhira ndi 1 chimene ukulawa inathandiza masana, koma usiku magetsi atathima inakanika. Tinapanga ina: kuyatsa tochi ya pafoni, kuponda simenti yozizira ndi mapazi onse awiri, ndi kunena motsitsa mawu kuti, "Ndili ku Mzuzu, ndili ndi zaka 29, chitseko ndatseka ndekha, ogona apawa ndi ana anga." Polemba zimene zimawadzidzimutsa, fungo la kachasu linali pamwamba. Amuna awo amamwa Loweruka lokha ndipo sanawamenyepo, koma akalowa ndi fungolo thupi la Mayi T. linkauma ngati chikuni. Kungodziwa kuti thupi likuyankha fungo la zaka 16 zapitazo kunachepetsa manyazi amene anali nawo pa amuna awo.

Za mwana sitinazisiyire mtsogolo. Mkono unaonedwa ndi namwino, ndipo tinagwirizana lamulo limodzi losavuta: ukali ukakwera, chilichonse chili m'manja chiikidwe pansi, atuluke panja, asambe m'manja ndi kumaso ndi madzi ozizira, abwerere pakatha mphindi 5. Tinayesereranso mawu opepesa. Kwa kholo la Chimalawi kupepesa mwana n'chinthu cholemera, ndipo anakana sabata ziwiri. Pomaliza anauza mwanayo kuti, "Ndinakulakwira. Kuchedwa kuja sikunali koyenera mthiko."

Pa mankhwala, dokotala wa za matenda a maganizo anawayambitsa fluoxetine, 20 mg m'mawa. Tinawachenjeza kuti masiku oyamba angamve mseru kapena kusakhazikika, ndipo phindu limaoneka pakatha sabata 4 mpaka 6. Opanda chenjezoli ambiri amasiya sabata yoyamba. Amitriptyline anapewedwa dala chifukwa ndi woopsa munthu akamwa mapiritsi ambiri nthawi imodzi, ndipo diazepam sanaperekedwe chifukwa amazolowereka ndipo sachiza zoopsa zakale. Kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi woti a St John of God amapereka chithandizo cha matenda a maganizo, choncho munthu sayenera kudikira kuti zifike poipa kuti aonedwe.

Pamene tinalakwitsa

Pa ulendo wachinayi wa uphungu Mayi T. anabwera akulankhula mofulumira, ndipo anayamba okha kutchula za usiku woyamba. Mlangizi anaona ngati akonzeka ndipo anafunsa tsatanetsatane, nthawi itatsala mphindi 15. Pakati pa nkhani mawu anaduka, maso anangoti tong'o pakhoma, ndipo atafunsidwa dzina la mwana wawo anatenga kanthawi kuti ayankhe. Anatuluka ali chomwecho. Sabata ziwiri sanabwere, ndipo atabwera anati maloto oipa anali kubwera masiku 5 mwa 7.

Kulankhula mofulumira sikukonzeka. Nthawi zambiri ndi madzi osefukira. Chikhalireni tsiku limenelo, tisanatsegule nkhani yakale timafuna zinthu zinayi: munthu akugona maola osachepera 5 masiku ambiri a sabata, akhoza kutsitsa mantha kuchoka pa 8 kufika pa 5, pa sikelo ya 0 mpaka 10, m'chipinda momwemo mkati mwa mphindi 10, patha mwezi wopanda maganizo ofuna kufa, ndipo pali munthu amene akakhale naye madzulo a tsikulo. Mayi T. anakwanitsa zonsezi mwezi wachitatu. Tinawapepesanso pa kufulumira kwathu, ndipo pambuyo pake anati aka kanali koyamba munthu wamkulu kuvomera kulakwa pamaso pawo.

Chingwe, miyala ndi maluwa

Pa gawo lachiwiri tinagwiritsa ntchito njira yotchedwa Narrative Exposure Therapy, imene Schauer, Neuner ndi Elbert anakonza ndipo yagwiritsidwa ntchito kwambiri pakati pa othawa kwawo ku Uganda. Zipangizo zake zili pabwalo pomwepo: chingwe choyanikira zovala cha mamita atatu, miyala ya makulidwe osiyana, ndi maluwa kapena masamba. Nsonga imodzi ya chingwe ndi tsiku lobadwa, mbali ina imakulungidwa kuimira zaka zam'tsogolo. Munthu amaika mwala pa choipa chilichonse ndi duwa pa chabwino, n'kuchipatsa dzina lalifupi, osalowa mkati tsiku limenelo. Mayi T. anaika miyala 11 ndi maluwa 2.

Kenako tinkatenga mwala umodzi pa tsiku, motsata zaka, mphindi 90. Nkhani yolemera iyambe mkati mwa mphindi 20 zoyamba ndipo isadulidwe pachimake. Ifike pamene choopsa chinatha ndipo munthu atsike. Mafunso amayenda pakati pa kale ndi pano: inali nyengo yanji, munali chipinda chiti, munaona chiyani, thupi linkamva bwanji nthawi imeneyo, nanga panopa likumva bwanji. Cholinga n'chakuti chikumbumtima chimene chimabwera ngati chikuchitika lero chipeze malo ake ndi chaka chake. Mlangizi amalemba, ndipo sabata yotsatira amawerenga kuti mwiniwake akonze. 

Zinthu ziwiri za m'gawoli n'zofunika kuzikamba bwino. Mwala waukulu kuposa yonse sanauike pa kugwiriridwa. Anauika pa tsiku limene anaulula n'kumenyedwa. Apa ndi pamene mwana anaphunzira kuti mawu ake alibe ntchito ndipo palibe wobwera. Mlangizi amene amathamangira nkhani ya kugonana yokha akhoza kulambalala bala lenileni. Chachiwiri ndi mlandu umene ankadziimba: munthu uja ankawapatsa ndalama ya mandasi, iwo n'kulandira, ndipo sankakuwa. Kuwauza kuti "simunalakwe" kunangodutsa pamwamba. Chimene chinafika ndi funso limene tinalisunga mpaka atalimba: "Amayi, mwana wanu uja, monga alili lero, atapatsidwa ndalama ndi bambo wa zaka 40 amene amamudyetsa ndi kumusunga, wolakwa angakhale ndani?" Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Koma ndinali wamng'ono chonchija?" Tinafotokozanso kuti kuuma thupi ndi kusowa mawu pa nthawi ya zoopsa ndi mmene thupi limadzitetezera pamene kuthawa kapena kulimbana n'kosatheka, sikuvomera.

Pofika kumapeto maluwa anali 6. Anakumbukira mayi awo akuwaluka tsitsi pakhonde ku Dedza, mphunzitsi wa Sitandade 5 amene sankawakwapula akachedwa, ndi agogo ena oyandikana nawo amene ankawapatsira mbatata yootcha pa mpanda osanena kanthu. Maluwawa musawatenge ngati zokometsera. Ndi umboni woti panali anthu amene anamuona mwanayo ngati munthu, ndipo zambiri zimene zinadzasintha pambuyo pake zinaphukira pomwepa.

Nkhani ya kukhululuka

Mwezi wa 5 Mayi T. anauzako mtsogoleri wina wa gulu la amayi kumpingo kwawo. Anauzidwa kuti akudwala chifukwa chosakhululuka, ndipo akakhululuka adzapereke umboni pamaso pa gulu. Mayiyo ankafuna kuthandiza, koma Mayi T. anabwera atasenza mlandu watsopano, ndipo tulo tinasokonekeranso.

Sitilimbana ndi chikhulupiriro cha munthu, pakuti kwa ambiri ndicho chinawasunga. Chimene timachita n'kulekanitsa zinthu zitatu zimene anthu amazimanga mtolo umodzi: kusiya kufuna kubwezera, kuyanjananso ndi wolakwa, ndi kumukhulupiriranso. Choyamba ndi cha mwini mtima, pa nthawi yake. Chachiwiri chimafuna kuti wolakwa avomere. Chachitatu sichikakamizidwa konse, makamaka pamene pali ana. Umboni wa pagulu tinawalangiza kuti audikire, chifukwa mawu akatuluka sabwerera, ndipo Mzuzu ndi wamng'ono. Iwo anapitiriza kupemphera, koma anasintha kapempheredwe: anapeza Salimo 13, lija la munthu wofunsa Mulungu kuti adikira mpaka liti, ndipo anadabwa kuti kudandaula kotere n'kololedwa.

Kusintha kwabwino: tinakuyeza bwanji

Richard Tedeschi ndi Lawrence Calhoun ndi amene anatchukitsa mawu oti posttraumatic growth, kutanthauza kusintha kwabwino kumene kumabwera munthu atadutsa m'zoopsa, ndipo mu 1996 anatulutsa mafunso 21 oyezera kusintha kumeneku pa mbali zisanu: ubale ndi anthu, kuona njira zatsopano m'moyo, kudzimva wamphamvu, zauzimu, ndi kuyamikira moyo. Mfundo yawo, imene ambiri amaiphonya, n'njakuti kusinthako kumachokera m'kulimbana kwa munthu ndi zimene zinamuchitikira, osati m'nkhanzazo. Wogwiririra mwana sanamupatse mphatso iliyonse. Mawu oti "zinakulimbitsani" kapena "zonse zimachitika ndi cholinga" asatuluke m'kamwa mwa mlangizi.

Pa nkhanza za paubwana mafunsowa ali ndi vuto lina. Amafunsa munthu kuti ayerekeze mmene alili lero ndi mmene analili zoopsa zisanachitike. Wopulumuka pa ngozi ya basi angayankhe. Koma Mayi T. anati, "Zisanachitike ndinali ndi zaka 8, ndiyerekeze ndi ndani?" Komanso kafukufuku wa Patricia Frazier ndi anzake wa 2009 anasonyeza kuti zimene anthu amanena kuti asintha sizigwirizana kwenikweni ndi kusintha kumene kumapezeka akayezedwa zoopsa zisanachitike ndi zitachitika. Kuno kwathu onjezani ulemu: munthu amauza mlangizi kuti "ndasintha kwambiri" pofuna kuthokoza. Choncho mbali zisanuzo tinazitenga ngati mitu ya zokambirana, osati mayeso, ndipo sitinazitchule mpaka iwo atayamba okha. Pa chilichonse chimene ananena tinkafunsa kuti, "Mwachita chiyani sabata ino chimene chaka chatha simukanachita?"

Mayankho oyamba anachokera kumsika. Mayi T. sankatha kukana ngongole, ndipo wowakongola akakweza mawu ankangosiya. Mwezi wa 7 anagula kope, anayamba kulemba, ndipo anaika lamulo loti wa ngongole yakale satenga katundu wina. Makasitomala awiri anawathawa, koma mpamba unasiya kutha. Analowa banki mkhonde, chinthu chimene ankachiopa chifukwa chimafuna kulankhula pagulu, ndipo patapita miyezi anasankhidwa kusunga kiyi imodzi ya bokosi. Zimaoneka zazing'ono, koma kwa munthu amene anaphunzitsidwa ali mwana kuti kukana kumabweretsa payipi, kunena "ayi" pa mulu wa tomato ndi ntchito yaikulu.

Kuuza amuna awo kunafuna kukonzekera masiku atatu a uphungu. Mantha awo anali ndi maziko: banja lawo ndi la lobola, ndipo ankadziwa kuti likatha ana angatsale kwa bambo. Tinakonza mawu, tsiku losakhala Loweruka, ndi kumene angapite zitavuta. Bambowo anakhala masiku atatu osalankhula, kenako anafuna kupita ndi chikwanje. Tinawaitana onse awiri. Mwamuna wokwiya chonchi amafuna ntchito yoti agwire, ndiye tinawapatsa: akamwa azigona pabalaza, asamawagwire mkazi wawo kuchokera kumbuyo mosachenjeza, ndipo za kubwezera azisiye chifukwa kundende sangalere ana. Ziwiri zoyambazo azisunga masabata ambiri, osati onse.

Mwezi wa 9 Mayi T. anamva kuti amayi aang'ono aja atenganso mtsikana wa zaka 12 kuchokera kumudzi, ndipo munthu uja akadali m'nyumbamo. Kukadandaula za iwo eni ndi ufulu wawo ngati munthu wamkulu, ndipo anasankha kusatero panopa. Koma za mwanayu zinali zina. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limaika udindo pa achibale, azaumoyo ndi anthu a m'dera kuti adziwitse a zachisamaliro cha anthu kapena apolisi akakhala ndi chifukwa chokhulupirira kuti mwana akuzunzidwa, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Tinawakumbutsa zimene tinagwirizana tsiku loyamba ndi kuwapatsa mwayi wosankha: tinene ife, kapena tipite limodzi. Anasankha kupita limodzi, ndipo analankhula okha. Anaimbiranso foni amalume awo ku Dedza, amene ndi mwini mbumba, n'kuwauza zonse kwa nthawi yoyamba. Mtsikanayo anabwezedwa kumudzi. Sanaulule chilichonse ndipo mlandu sunatsegulidwe. Kwa anzathu amene angakumane ndi mwana woti wagwiriridwa kumene: mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, choncho chipatala chikhale choyamba, ndipo ku polisi kuli Victim Support Unit, nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere.

Mtengo wake unali wowawa. Mbali ina ya abale inasiya kuwalankhula, ena akuti alowa ufiti wofuna kumwaza mtundu, ndipo pa maliro a msuweni wawo anamva uthenga mwambo utatha. PCL-5, imene inali itatsika kufika pa 29, inakweranso kufika pa 38. Mwezi womwewo ndi umene ananena kuti, "Aphungu, ndikulira, koma sindikudzida." Zowawa ndi kukula zinali kuyendera limodzi, ndipo amene akanangoyang'ana nambala akanati chithandizo chalephera.

Panali kusintha kwina kumene tinakuchepetsa dala. Atamva kupepuka, Mayi T. anayamba kumvetsera mavuto a amayi anzawo kumsika, ena mpaka kuwatsatira kunyumba usiku. Pa sabata zitatu anali atasenza nkhani za anthu anayi ndipo maloto anabwerera. Kufunitsitsa kupulumutsa aliyense kumaoneka ngati kukula, koma nthawi zina ndi khalidwe lakale lomwe lija la mwana wantchito amene saloledwa kutopa. Tinagwirizana malire: amvetsere mphindi zochepa, apereke nambala, aperekeze munthu mpaka pakhomo la chipatala ngati akufuna, basi. Pa funso la kuyamikira moyo anaseka n'kuti limenelo ndi la anthu okhuta, ndipo tinalisiya.

Mmene zilili pa mwezi wa 14

PHQ-9 ili pa 6, PCL-5 pa 24. Akugona maola 6 masiku ambiri, maloto oipa amabwera kamodzi kapena kawiri pamwezi, ndipo sanapitenso kuchipatala chifukwa cha mutu kwa miyezi 7. Mthiko sunagwirenso mwana. Panali pama limodzi mwezi wa 10, limene anabwera kudzanena okha, ndipo amuna awo atafunsidwa paokha ananena zofanana.

Zotsala zilipo. Za kuchipinda zikadali zovuta, ndipo banjali lavomera kukumana ndi mlangizi pa nkhani imeneyo yokha. Chisanu cha June chimawabwezerabe pakhonde paja. Chachikulu n'chakuti akumutchingira mwana wamkazi mopyola: anamuletsa maphunziro a masana chifukwa mphunzitsi ndi wamwamuna, ndipo samulola kukacheza kwa anzake. Tikugwira ntchito yosintha chiletso kuti chikhale chiphunzitso: mwana adziwe mayina enieni a ziwalo zake, adziwe kuti palibe wamkulu woyenera kumusungitsa chinsinsi cha thupi lake, ndipo atchule akuluakulu atatu amene angawauze. Mayi T. ayeserera kale yankho limene adzapereke mwana akadzabwera ndi nkhani: "Ndakumva, ndakukhulupirira, sunalakwe."

Tsopano tikumana kamodzi pa miyezi iwiri. Fluoxetine apitiriza mpaka atakwanitsa miyezi 9 mpaka 12 chiyambireni kupeza bwino, ndipo za kusiya adzaona ndi dokotala, osati mwezi wa chisanu. Mwana akwanitsa zaka 11 miyezi itatu ikubwerayi, choncho taika masiku awiri owonjezera, limodzi sabata ya tsiku lobadwalo isanafike, lina itapita.